Miyezi 9 ndikudula makanema a maukwati pa DaVinci Resolve

Papita miyezi 9 chiyambireni kukonzera makanema a maukwati ndi zinkhoswe pa DaVinci Resolve, pulogalamu yaulere ija ya kampani ya Blackmagic Design. Mutandifunsa chimene chandipepukitsira ntchito koposa, ndikuuzani kuti ndi batani la T pa kiyibodi.

Poyamba ndinkadalira lumo lokha, chida chodulira kanema cha pa batani la B. Ndinkadula uku ndi uku, n'kufufuta chapakati, kenako n'kumakoka zotsala ndi mausi kuti nditseke mpata. Perekaniperekani wa maola awiri ankandigonetsa mbandakucha, ndipo pena kampata kakuda kankatsala ine osakaona. Mukadina T, mukangokoka kumapeto kwa chidutswa, zonse za kutsogolo pa timeline (mzere umene mumayalapo zidutswa za kanema) zimatsatira zokha. Mukagwira polumikizana zidutswa ziwiri, china chimatalika china n'kufupika, koma utali wa kanema yense sukhudzidwa.

Chimene ndachikonda kwambiri ndi chomwe amati slip. Pa ukwati wina mayi a mkwatibwi analiza nthungululu keke ikudulidwa, koma kachidutswa kanga ka masekondi 4 kanawapeza atatseka kale pakamwa. Nyimbo ndinali nditaiyala kale, ndipo kusuntha chilichonse kukanasemphanitsa zithunzi ndi ng'oma. Ndinangogwira pakati pa kachidutswako n'kukokera kumanja. Kanakhala pomwepo, zam'kati mwake ndiye zinayenda, mpaka ndinaona dzanja lawo likukwera kupita pamlomo. Nthungululu ija inagwera pa ng'oma penipeni, ndipo banjalo linaonera malo amenewo kangapo.

Mausi pano ndimaigwira mwa apo ndi apo. J, K ndi L ndi zobwezera m'mbuyo, kuimitsa ndi kupititsa patsogolo, ndipo mabatani a koma (,) ndi fulusitopu (.) amasuntha malo odula ndi fulemu imodzi imodzi, kutanthauza chithunzi chimodzi chimodzi cha kanema. Tsamba la Cut, lomwe linabwera mu 2019 ndi Resolve 16, ndinaliyesa sabata ziwiri n'kubwerera ku tsamba lina lodulirapo la Edit, chifukwa pa zolankhula za ankhoswe ndimafuna kuona mizere ya mawu bwinobwino.

Chenjezo langa lili pa mafulemu. Sankhani chiwerengero chake pa sekondi musanaike kanthu, chifukwa timeline ikakhala ndi zidutswa simungachisinthe. Ine ndinaiwala kamodzi, kamera itajambula pa 25, ndipo ndinachita kuyala timeline yatsopano. Tizidutswa ta pafoni timene achibale amatumiza pa WhatsApp nthawi zambiri timakhala ta 30, choncho muzitionera mosamala pomwe anthu akuvina.

Pulogalamuyi imalemera pa laputopu yaing'ono ngati yanga. Popanda maproxy, omwe ndi makope opepuka a kanema, chithunzi chimadodoma, ndiye kudula pa fulemu yeniyeni kumavuta. Ndimawasiya akupangika usiku, Live Save, yomwe imasunga ntchito yokha, ili yoyatsa kuopera kuthima kwa magetsi, m'mawa n'kuyamba kudula.