Lubani wa utomoni kapena wa m'kabotolo, nanga tigule uti?

Anzanga a kukwaya mwandifunsa kambirimbiri ndiye ndiyankhe kamodzi. Lubani amene amafukiza pa Misa uja ndi mafuta a frankincense amene adzaza pa WhatsApp masiku ano gwero lake ndi limodzi, mtengo wa Boswellia wa ku Oman, Yemen, Somalia ndi Ethiopia. Amatema khungwa, utomoni nkutuluka woyera, ukauma amaukokota. Mafutawo amawatulutsa mu utomoni womwewo ndi nthunzi.

Wa utomoni ndi wotchipa ndipo sufuna malaiti. Kachibenthu kamodzi pa khala la pa mbaula, nyumba yonse tchalitchi. Koma utsi ndi utsi, ngati muli ndi khanda kapena wa asima m'nyumba musayese.

Mafuta enieni alibe utsi, madontho atatu mu diffuser, kamakina ka malaiti kofalitsa fungo m'nyumba, fungo lake lopepuka ngati paini wosakaniza ndi ndimu, ine limandikhazika mtima pansi ndisanagone. Vuto ndi odula, komanso malaiti akangopita diffuser ili phee.

Manje chimene chinandiwawa ndi ichi. Shopu ina m'tauni anandigulitsa kabotolo kolembedwa frankincense zilembo zikuluzikulu, wogulitsa akulumbira kuti ndi orijino ya ku Dubai, mtengo wake wa orijino ndithu. Kufika kunyumba ku Kabwata ndathira, fungo la mankhwala a m'toileti, mutu kuwawa mpaka m'mawa, ana nkumatsegula mawindo usiku udzudzu uli thoo. Kuseri kwa botolo tizilembo toti mpaka uvale magalasi, fragrance oil. Perefyumu chabe, mtengo wa Boswellia sanaukhudzeko nkomwe. Kubwerera nako ati chotsegula sitilandira amayi. Mpaka lero ndikadutsa pamenepo ndimayang'ana kumbali.

Ndiye musanapereke ndalama funani dzina la mtengo pa lebulo, Boswellia sacra, carterii kapena serrata wa ku India, dziko lochokera, ndi botolo la galasi lodera. Palibe zimenezi, lisiyeni.

Zoti mafutawa amachiza nyamakazi musatengeke nazo, mankhwala otchedwa boswellic acid amene amawatamawo amatsalira mu utomoni, sakwera ndi nthunzi. Pakhungu sungunulani kaye ndi mafuta a kokonati, ndipo osamwa ayi.

Ine ndili ku utomoni, ndimafukiza pakhonde madzulo. Mukhoza kunena kuti ndi mkwiyo chabe, koma utomoni umauona ndi maso usanalipire.