Galaja ya pa Kasungu boma yomwe inadzutsa Bobcat yathu yakale

Anthu angapo andifunsa tikakumana ku Chinkhoma kuti kodi chimakina chija chinkangogona pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Santhe chadzuka bwanji, ndiye ndati ndilembe zonse pamodzi, zabwino ndi zondinyansa zomwe.

Makinawa ndi Bobcat 610, aja ang'onoang'ono okweza katundu omwe matayala ake sapindika, kukhota kwake n'kwakuti mbali imodzi ikuyenda inayo yaima kapena ikubwerera m'mbuyo. Bambo anga anawagula pa esiteti ina ya fodya itatsekedwa. Ndi akale ndithu, a m'zaka za m'ma 1970, injini yake ndi Wisconsin ya petulo ya masilinda 4 yozizira ndi mphepo, mphamvu yake pafupifupi mahosi 30. Manja okweza baketi anali a hayidiroliki (oyendera oyilo wopanikizika) kuyambira kale koma kuyenda kwa makinawo kunali kwa lamba ndi makilatchi, mbali iliyonse kilatchi yopita kutsogolo ndi ina yobwerera, kenako matcheni mpaka ku matayala. Vuto linali pamenepo. Lamba ankaterereka, makilatchi atha, ukakankha ndodo makina amayamba adikira kaye kenako n'kudumpha ngati ng'ombe yolumidwa ndi mavu, ndipo mnyamata wathu anagwetsa nawo khoma la khola kawiri. Lamba wa mtundu umenewo ndinamusaka mu Lilongwe monse osamupeza.

Amene anandiuza zochotsa makilatchi ndi madala ena a galaja ya kuseri kwa msika pa boma, anagwirapo ntchito yokonza mathirakitala m'maesiteti. Chomwe ndinawakondera poyamba n'chakuti sanathamangire ndalama. Anabwera okha kumudzi, kutsegula mabokosi a matcheni mbali zonse, kugwedeza ma ekiselo, kuyang'ana ngati felemu yang'ambika pena pake, atamaliza ndi pomwe anati "achimwene, thupi lake likadali labwino, tingathe kuyesa, koma matcheni akanakhala kuti adyeka ndikanakuuzani kuti mungogulitsa kwa a zitsulo." Mawu amenewo ndi omwe anandipangitsa kuwakhulupirira.

Ntchito yake inali yotere: anachotsa lamba, shafiti yapakati ndi makilatchi onse, n'kumanga mapampu awiri a oyilo olumikizana kumbuyo kwa injini, pampu iliyonse ikutumiza oyilo ku mota yake, mota yakumanzere ndi yakumanja, ndiye mamotawo ndi omwe akuzunguza matcheni akale omwe aja. Ndodo zoyendetsera anasiya zomwezo, anangozilumikiza ku mapampu, ukakankha pang'ono oyilo amapita pang'ono makina n'kumayenda pang'onopang'ono, ukakokera kumbuyo oyilo amatembenuka. Mapampu ndi mamota anali ogwirapo kale ntchito, ochokera ku Johannesburg, ndipo apa ndi pomwe tinakanganapo. Anandilonjeza masabata atatu koma makina anakhala pa galaja miyezi inayi. Zoti ndalama zakunja zikuvuta ndikuzidziwa, aliyense akuzidziwa, koma chondipweteka chinali kusayankha foni, ndinkachita kukwera minibasi kuchoka ku Santhe kukangomva kuti katundu sanafike, nthawi imeneyo manyowa ali mulu m'khola ndipo ndimalipira aganyu kuti azitapa ndi mafosholo.

Ukhondo wawo wokha ndiwayamikire. Paipi iliyonse asanaimange amaitsuka ndi kuipopera mphepo, kukamwa kwa pampu amatseka ndi pulasitiki mpaka mphindi yomanga, ndipo ndinawaona akukalipira mwana wa ntchito chifukwa choika fanelo pansi pa dothi. Anandifotokozera kuti m'kati mwa pampu zitsulo zimakhudzana mothinana kwambiri moti kamchenga kamodzi kakhoza kukanda n'kuononga zonse, ndipo ndi fumbi la ku Kasungu kuno la mwezi wa Seputembala ndinamvetsa chifukwa chake amachita nkhanza choncho.

Cholakwika chachikulu chinali kutentha. Sanaike chozizilitsira oyilo, ankati thanki ndi yaikulu ikwanira. Sinakwanire ayi. Mu Okutobala nditagwira ola limodzi ndikukweza mchenga wa njerwa thanki inatentha moti sungaikepo dzanja, oyilo anasungunuka ngati madzi makina n'kuyamba kufooka pokwera kamtunda. Nditabwerera nawo sanakane, anavomera kuti anaphonya, anaika ka radiyeta ka oyilo ndi fani ya magetsi, ine ndinagula zipangizo iwo ntchito sanalipiritse. Anakonzanso vuto lina loti makina ankakwawa okha ndodo zili pakati, lomwe ndi loopsa kwambiri pakhomo pokhala ana, anaika masipuling'i obwezera ndodo pamalo pake.

Panopa ndagwira nawo nyengo yonse ya mvula. Ndimatha kuyandikira ngolo mpaka kutsala chala chimodzi osaigunda, kulowa m'khola n'kutembenuka pamalo amodzi, zomwe kale zinali maloto. Liwiro latsikako pang'ono ndipo petulo akudya mochulukirapo, chifukwa mphamvu ina imathera m'kutentha kwa oyilo, komanso ukamayenda ndi kukweza baketi nthawi imodzi injini imabuula, mahosi 30 si ambiri. Ndalama zonse zinakwana mtengo wa ng'ombe zinayi zikuluzikulu, zambiri ndithu, koma makina ena ogwirapo kale ntchito sindikanawafikira n'komwe.

Ngati muli ndi makina anu ofanana ndi awa pitani kwa madalawa, koma mugwirizane molemba za tsiku lomaliza, musapereke ndalama zonse kamodzi, ndipo chozizilitsira oyilo chikhalepo kuyambira pachiyambi. Chinanso anandichenjeza ndipo ndikubwereza kwa inu, paipi ikamadontha musafufuze ndi dzanja injini ikulira, oyilo wopanikizika amaboola khungu, gwiritsani ntchito kakatoni. Ndipo musalowe pansi pa manja a baketi osawachirikiza ndi chitsulo.

Fodya akagulidwa bwino chaka chino ndibwererakonso, tinakambirana zochotsa Wisconsin uja n'kuikamo injini ya dizilo, iwo akuti malo alipo bola tisunthe thanki.