Katepi koyezera wodwala wa pa ventileta, ndakayesa

Papita miyezi ingapo ndikugwiritsa ntchito katepi kameneka ku emergency, poyeza odwala oikidwa pa ventileta (makina othandiza wodwala kupuma), ndiye ndati ndinenepo zanga. Ndi tepi ngati ya telala yomweyi, kungoti kuseri kwake analembako manambala, mzere wa abambo ndi mzere wa amayi. Ukangomuyeza wodwala kuchokera kuchidendene mpaka pamutu, pomwe chala chako chaima pomwepo ukuona tidal volume yake, kuchuluka kwa mpweya woti makina azimupopera pa kupuma kumodzi, pa 6, 7 ndi 8 ml pa kilo. Basi, kalibe batire, kalibe zotchaja.

Kwa amene simunazolowere, kukula kwa mapapo kumatsata kutalika kwa munthu komanso ngati ali mwamuna kapena mkazi, osati kunenepa. Munthu akanenepa ikukula ndi mimba, mapapo ali omwewo. Ndiye makilo amene timachulukitsa nawo si a pa sikelo ayi, ndi predicted body weight, makilo owerengeredwa kuchokera pa kutalika, kwa abambo 50 + 0.91 × (kutalika mu cm − 152.4), kwa amayi mumayambira pa 45.5. Tangoganizani kuwerengera zimenezo pakati pa usiku munthu mwangomulowetsa chubu kukhosi, BP ikutsika, alamu ikulira, foni ili m'thumba koma magolovesi ali magazi okhaokha. Ambirife timangodina 500 ml pa ventileta n'kupita kwina, nanenso ndachitapo sindikana.

Tsiku lomwe ndinakakhulupirira kunabwera mayi wina wamfupi, 155 cm, koma wathupi ndithu, mwina makilo 95. Katepi kanati predicted weight yake ndi pafupifupi 48 kg, ndiye pa 6 ml ndi cha m'ma 290 ml. Ine m'mutu ndinali ndi 500 wanga uja, ndipo ndikanati nditsate sikelo ikanakhala 570 (95 × 6), yomwe kwa mapapo ake ndi pafupifupi 12 ml pa kilo. Ndipotu 12 ameneyo ndi amene anagonja mu kafukufuku wa gulu la ARDSNet wa chaka cha 2000, wa anthu 861 odwala ARDS (kutupa koopsa kwa mapapo kolepheretsa kupuma), omwe ankapatsidwa 6 ml anamwalira 31% pomwe a 12 ml anamwalira pafupifupi 40%. Amayi aafupi ndi amene timawapopa mpweya wambiri mosadziwa, chifukwa kuyerekeza kutalika ndi maso munthu atagona pabedi kumanamiza zedi.

Zondinyansa zilipo. Manambala ndi ang'onoang'ono, ndipo chifukwa timakapukuta ndi mankhwala wodwala aliyense akatha, inki yayamba kale kufufutika cha m'ma 160 mpaka 170 pomwe timagwira kwambiri. Wodwala wopindika msana kapena miyendo yosawongoka kamavutanso, umayeza mzidutswazidutswa n'kuphatikiza. Kwa ana ayi, musakayese n'komwe.

Komanso musaganize kuti kakupangirani zonse. Ukatsitsa volume uyenera kukweza rate, kuchuluka kwa kupuma pa mphindi, kuti mpweya woipa wa CO2 usaunjikane, makamaka wa DKA (asidi wochuluka m'magazi chifukwa cha shuga) amene amapuma mothamanga yekha asanaikidwe chubu, pomwe wa asthma amafuna nthawi yaitali yotulutsa mpweya ndiye rate sungaithamangitse. Plateau pressure (presha ya m'mapapo mpweya utalowa) kuti isadutse 30, PEEP (presha yotsala m'mapapo mpweya utatuluka), blood gas (kuyeza mpweya wa m'magazi), zonsezo ndi ntchito yako.

Nyenyezi ndikapatsa zinayi pa zisanu, imodziyo yapita ndi inki ija. Kanga ndinakamangirira pa ventileta penipeni ndi kachingwe, poti kakakhala m'dirowa palibe amakatulutsa.