Miyezi isanu ndi itatu ndi zida za AI zosakira mapepala a kafukufuku: malangizo ake ndi amene anandisankhira

Ndinayamba ndi zida zitatu za AI pamene ndinkasonkhanitsa mapepala a kafukufuku wa kuchepa kwa magazi mwa amayi oyembekezera. Ndi zida zija umangozipatsa funso m'mawu wamba, izo nkupita zokha kukasaka, kusankha mapepala ndi kukulembera chidule. Mwezi woyamba ndinkaziyeza potengera kukoma kwa mayankho. Lero ndatsala ndi chimodzi, ndipo chimene chinandigwira mtima ndi masamba ake a malangizo, aja ambirife sititsegula n'komwe.

Funso langa loyamba linali lakuti mapepalawa akuchokera kuti. Zida zambiri zimatunga m'nkhokwe za ena, monga PubMed (nkhokwe ya mapepala a zachipatala), Semantic Scholar ya Allen Institute for AI, kapena OpenAlex imene inayamba mu 2022 itatsekedwa Microsoft Academic Graph kumapeto kwa 2021. Nkhokwe iliyonse ili ndi mipata yake, ndipo ngati sudziwa kumene chida chatunga, sungadziwenso zimene chasiya. Chimene ndasungachi chimatchula nkhokwe zake ndi mayina. Ziwiri zinazo zimangodzitama kuti zili ndi mapepala mamiliyoni, basi.

Chinandipweteka kwambiri chinachitika m'mwezi wachitatu. Chida china chinandikonzera tebulo looneka bwino, pepala lililonse ndi chiwerengero cha amayi amene anachita nawo kafukufuku. Nditatsegula pepala limodzi ndinapeza kuti nambala ija inali ya amene analembetsa poyamba, pomwe amene anafika kumapeto anali ochepa ndithu. Chidacho chinawerenga abstract yokha, chidule chija cha kumayambiriro kwa pepala, chifukwa pepala lonse linali lolipira. Zimenezo ndikanazimvetsa. Chondiwawa n'chakuti ndinafufuza malangizo ake onse, tsamba ndi tsamba, osapeza ngakhale mzere umodzi wonena kuti zimenezi zimachitika. Ndinataya masiku angapo ndikubwereza tebulo lonse ndi manja. Chimene ndasungachi chimanena poyera kuti nthawi zina chimaona abstract yokha, ndipo chimaika chizindikiro pa mzere uliwonse wotero. Ndikaona chizindikirocho ndimadziwa kuti pepalalo ndiyenera kulitsegula ndekha.

Koma nkhani imene munthu sangaione m'sabata yoyamba ndi ya kusintha kwa zidazi. Ndondomeko ya PRISMA 2020, yotsogolera kalembedwe ka malipoti ounika mapepala a kafukufuku, imafuna kuti wolemba atchule nkhokwe zonse zimene anasakamo, tsiku lomaliza kusaka, ndi mawu onse amene anagwiritsa ntchito, kuti wina athe kubwereza. Mu 2021 inatulukanso PRISMA-S, yolongosola za kasakidwe kokhakokha. Ine ndinafunsa funso limodzimodzi, mawu omwewo, m'mwezi wachiwiri ndi wachisanu ndi chimodzi, pa chida chimodzi mwa ziwiri zija. Mndandanda unabwera wosiyana, ndipo mapepala ena amene ndinkawadalira anasowa. Kodi eni ake anasintha modelo ya AI imene imayendetsa chidacho? Kodi anasiya nkhokwe ina? Panalibe tsamba lolembapo zosintha, panalibe madeti. Amene amandiyang'anira pa kafukufuku anandifunsa mwaulemu kuti, "Nanga m'gawo la lipoti lofotokoza njira za kafukufuku mulembamo chiyani?" Ndinasowa chowayankha.

Muyezo wanga tsopano ndi PubMed, ngakhale kuti si chida cha mtundu umenewu. Ukalembamo mawu, umatha kutsegula pa Advanced nkuona mmene mawu akowo awamasulirira kupita ku mitu ya MeSH (mayina okhazikika a nkhani za zachipatala), mzere wonse, ndipo ungaukopere mu lipoti lako. Malangizo ake amafotokoza mmene kumasulirako kumayendera. Sindiyembekezera kuti chida cha AI chizibwereza yankho ndendende nthawi zonse, poti kapangidwe kake sikotero. Ndimangofuna chindionetse mawu amene chatumiza ku nkhokwe, ndiponso chindiuze tsiku limene eni ake anasintha kanthu. Chimene ndasungachi chimachita zonse ziwiri.

Za mapepala amene anachotsedwa atapezeka ndi zolakwika, apa zonse zitatu zinafooka. Crossref, bungwe lolemba mapepala a kafukufuku m'kaundula, inatenga nkhokwe ya Retraction Watch ya mapepala ochotsedwawa mu 2023 nkuitsegulira aliyense, ndiye palibe chifukwa chokhalira chete. Komabe malangizo sanena ngati chida chimayang'anako. Ndimangodalira Zotero, pulogalamu yosungiramo mapepala, imene imandichenjeza pepala lotere likalowa.

Chida changachi chilinso ndi zilema zake. Zithunzi za m'malangizo ake n'zakale, mabatani ena anasamuka kalekale. Sichifotokoza mmene chimasankhira pepala loti likhale pamwamba, ndipo zimenezi zimandivutabe, chifukwa munthu akatopa amawerenga khumi oyamba okha. Tsamba lonena za kutumiza mafayilo a RIS (osamutsira mndandanda wa mapepala ku pulogalamu ina) silitchula kuti DOI, nambala yozindikirira pepala, nthawi zina imatsala. Ndinazindikira ndekha nditaona mipata.

Ndidzapitiriza nacho chaka chamawa. Pa kompyuta yanga pali fayilo imene ndimalembamo tsiku, funso monga ndinalilembera, mawu amene chida chinatumiza, ndi kope la tsamba la zosintha monga linalili tsikulo. Gawo la njira ndinalimaliza sabata yatha kuchokera m'fayilo imeneyo, ndipo zida ziwiri zija sizinalowemo.