Buku, kalasi kapena mafunso oyeserera: chikhozetsa mayeso a opareta wa madzi n'chiti?

M'zigawo zambiri za ku United States ndi Canada, mayeso a satifiketi ya opareta wa madzi akumwa ndi a suweji amachokera ku bungwe la WPI (Water Professionals International), lomwe kale linkatchedwa ABC. Mafunso opatsa malikisi amakhala 100, nthawi ndi maola 3, ndipo malo ambiri amafuna 70 kuti mukhoze. Magiredi alipo anayi, kuyambira Class I mpaka Class IV. Musanagule chilichonse, pezani chikalata cha Need-to-Know Criteria cha giredi yanu, chifukwa chimasonyeza mitu imene mafunso amachulukira.

Tiyambe ndi mafunso oyeserera a pa intaneti, poti ndi omwe ambiri amathamangira. Amakoma ndithu: pa mphindi khumi mwayankha angapo ndipo mwaona pomwe mukufooka. Vuto lake ndi loti mukawabwereza katatu mumayamba kuloweza mayankho, malikisi n'kumakwera pamene m'mutu simunalowe kanthu. Taonani funso ili. Madzi ndi 2 MGD (magaloni mamiliyoni awiri pa tsiku), klorini amene madziwo amadya ndi 2.2 mg/L (mamiligalamu pa lita), ndipo wofunika kutsala ndi 0.8 mg/L. Mukaphatikiza ziwirizi, mlingo wothira ndi 3 mg/L, choncho 2 × 3 × 8.34 (kulemera kwa galoni imodzi ya madzi m'mapaundi) ikupatsani mapaundi 50 pa tsiku. Tsopano funso liwonjezere kuti mukuthira ufa wa klorini wotchedwa calcium hypochlorite wa mphamvu ya 65 peresenti. Woloweza amachulukitsa ndi 0.65 n'kupeza 32.5, ndipo musadabwe kuipeza nambala yolakwikayo pakati pa mayankho. Yemwe wamvetsa amadziwa kuti ufa wofooka umafunika wochuluka, ndiye amagawa n'kupeza mapaundi 77. Kumvetsa kotereku mafunso oyeserera saphunzitsa, amangoyeza ngati mulinako.

Buku ndi lomwe limaphunzitsa zimenezo. Maphunziro owerenga panokha, monga a Office of Water Programs ku California State University, Sacramento, amafotokoza chifukwa chake zinthu zimachitika: kuti alum (mankhwala ounjika zinyalala za m'madzi) amadya alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi) n'kutsitsa pH, kutanthauza kuti asidi amachuluka, kapena kuti matope akakhalitsa pansi pa clarifier (thanki yokhazikitsira matope) amayamba kuyandama m'zibuma chifukwa cha timathovu ta mpweya wa nitrogen. Mafunso a Class III ndi IV amakonda zoterezi, zokufotokozerani vuto n'kufunsa choyamba kuchita. Kuipa kwa buku ndi kukula kwake. Woyambira tsamba loyamba amatopa asanafike pa masamu, choncho dumphani mitu motsatira chikalata chija, ndipo funso lililonse la masamu lilembedwe papepala ndi mayunitsi ake onse.

Kalasi ya masiku awiri kapena atatu ikhoza kukhala yodula kuposa zinazi, ndipo sizingatheke kuti ikuphunzitseni activated sludge yonse, njira yoyeretsera suweji ndi tizilombo ta m'matope. Imathandiza kwambiri munthu amene masamu anawasiya kalekale, makamaka akapitako atawerenga kale ndipo ali ndi mafunso omuvuta. Funsani kaye ngati bungwe lopereka satifiketi limawerengera maola a kalasiyo.

Nanga kuphunzira pa ntchito pomwepo? Pa zina palibe chopambana pamenepa. Tungani lita imodzi ya madzi a m'thanki ya aeration (momwe amapoperamo mpweya), muithire mu silinda, mudikire mphindi 30. Matope akakhazikika pa 250 mL, MLSS (kuchuluka kwa matope m'madziwo) ili 2,500 mg/L, ndiye kuti SVI (muyeso wa momwe matope akukhazikikira) ndi 250 × 1,000 ÷ 2,500, yomwe ndi 100. Ikamapitirira 150, matope ayamba kukana kukhazikika. Wachita zimenezi ndi manja ake saiwala. Koma malo anu amakuphunzitsani zida zomwe zilipo zokha: wa pa madamu a suweji sadzaona trickling filter (sefa ya miyala kapena pulasitiki yomwe suweji imadonthera), pamene mayeso amafunsa zonse. Komanso "kuno timachita chonchi" si yankho lomwe wolemba mayeso akufuna, makamaka pa nkhani za chitetezo monga kulowa m'maenje ndi m'mathanki, komwe mpweya uyenera kuyezedwa kaye munthu asanatsike.

Kwa ife, buku ndiye msana, ndipo mafunso oyeserera abwere m'masabata awiri omaliza, muwayankhe 100 nthawi imodzi wotchi ili pambali. Pepala la mafomula la WPI mumapatsidwa m'chipinda cha mayeso, ndiye lisindikizeni tsopano muzilizolowera. Mafomulawo si omwe amagwetsa anthu kwenikweni, koma mayunitsi. Funso likakupatsani gpm (magaloni pa mphindi) pomwe fomula ikufuna MGD, chulukitsani ndi 1,440 kenako mugawe ndi 1,000,000. Kukula kwa thanki kukakhala mu cubic feet, chulukitsani ndi 7.48 kuti mupeze magaloni musanawerengere nthawi imene madzi amakhala m'thankimo.