Zokometsera za green curry: kusinja mu mtondo kapena kugaya mu blenda?

Green curry ndi ndiwo ya msuzi wobiriwira ya ku Thailand. Kumeneko zokometsera zake amasinja mu kamtondo ka mwala. Yambani ndi zolimba: lemongrass wodula mopyapyala, galangal (muzu wofanana ndi jinja) ndi mchere pang'ono. Zikafewa onjezani tsabola wobiriwira 10, adyo ndi anyezi aang'ono, pomaliza supuni yaing'ono ya kapi, phala la shrimp, tinyama tam'nyanja ta m'gulu la nkhanu. Mkono umatopa ndithu, mphindi 20 kapena 30, koma munsi umaphwanya ulusi wa lemongrass ndipo fungo limatuluka lonse.

Blenda imamaliza m'mphindi ziwiri, koma sizungulira popanda madzi, ndipo zokometsera zamadzimadzi zimangowira m'poto m'malo mokazingika. Thirani masupuni atatu a mkaka wa kokonati m'malo mwa madzi. Ulusi wina umatsalabe, umamveka mkamwa. Ngati nthawi ilipo, mtondo ndiye wabwino.