Thanki ilibe vuto, koma basela wa mbuna anandiphera ma tetra

Seti ya thanki yowetera nsomba ya malita 60 imene ndinagula kushopu ya nsomba, yokhala ndi sefa, hita ya 50W ndi nyale, ndi katundu wabwino. Chimene chandilembetsa ndi mnyamata wa pa kauntala. Nditalipira ma neon tetra 10, tinsomba ting'onoting'ono ta mzere wa buluu pathupi, iye anatunga mbuna ziwiri n'kuzimangira m'jumbo ina, akuti basela, "kuti thanki ioneke ya kwathu." Anatsimikiza kuti zimakhala limodzi bwinobwino, n'kuwonjezera kuti madzi mukathira lero, nsomba zilowe lero lomwe.

Zonse ziwirizi ndi bodza, ndipo wogulitsa nsomba sangati sakudziwa. Mbuna kwawo ndi m'miyala ya m'nyanja ya Malawi, m'madzi okhala ndi michere yambiri, pH yake (muyeso wa asidi m'madzi) cha m'ma 8. Neon tetra kwawo ndi timitsinje ta m'nkhalango ya Amazon, madzi ofewa, ndipo m'thanki amasangalala pa pH 6 mpaka 7. Madzi okomera imodzi amazunza inzake. Komanso mbuna ndi nsomba yolusa: imasankha mwala wake, aliyense wodutsa pamenepo imamuthamangitsa. Kansomba kosapitirira masentimita 4 kangalimbe bwanji? Pofika tsiku lachitatu ma tetra anali atadzipanikiza pakona kuseri kwa hita, zipsepse zili nyankhalala, mzere wa buluu uja utazilala. Anayi anafa, mmodzi atadyedwa mchira wonse.

Otsalawo anayamba kupumira pamwamba pa madzi, ndipo apa mlandu suli wa mbuna ayi. Thanki yatsopano ilibe mabakiteriya amene amasandutsa ammonia, poizoni wochokera ku ndowe ndi zakudya zotsala, kukhala nitrite, kenako nitrate. Mabakiteriyawa amakhazikika mu siponji ya sefa pakatha milungu 4 mpaka 6. Nsomba zimalowa pokhapokha choyezera madzi chikaonetsa ammonia 0 ndi nitrite 0, ndipo neon ndi imodzi mwa nsomba zosachedwa kufa mukathamangira. Choyezeracho mu seti mulibe, thermometer mulibenso, ndipo palibe anandiuza kuti ndigule.

Ndinabwererako ndili ndi maganizo opatsa shopuyo nyenyezi imodzi yokha pa ndemanga yangayi. Ndinapeza mayi amene amayang'anira shopuyo, ndipo kunena chilungamo, mayiwa ntchito yawo amaidziwa. Sanalimbane nane. Mbuna anazilandira, anadula kachidutswa ka siponji yakale ya m'thanki yawo yowonetsera n'kundipatsa kali konyowa kuti ndikaike mu sefa yanga, chifukwa kamabwera ndi mabakiteriya ake kale. Nsomba zinayi zolowa m'malo anakana kundipatsa tsiku lomwelo, anati ndibwere madzi akakhazikika. Anachita bwino. Ndiye nyenyezi zikhale zitatu.

Za katundu weniweniyo, hita imagwira madigiri 24 mpaka 25 osasuntha, pomwe neon amafuna. Sefa ndiyo imakankha madzi mwamphamvu kwambiri kwa tinsomba timeneti. Lozetsani kamwa lake kugalasi la m'mbali kuti mphamvu ithere pamenepo. Siponji musaitsukire pampopi, klorini amapha mabakiteriya aja. Ifinyireni m'ndowa ya madzi amene mwachotsa m'thanki. Sabata iliyonse chotsani malita 15, ndipo olowa m'malo muthiremo mankhwala ochotsa klorini, akhalenso ofunda mofanana ndi a m'thanki. Chakudya chifikiseni ndi zala chifukwa kamwa la ma tetra ndi laling'ono, ndipo muwapatse chongotha m'mphindi ziwiri.

Pobwera ndi nsomba kunyumba, jumbo iyandame m'thanki mphindi 20 isanatsegulidwe, kenako muzithiramo madzi a m'thanki pang'onopang'ono. Nsomba muzichotse ndi kaukonde, madzi a kushopu mutaye. Musanalipire n'komwe, imani kaye pagalasi lawo muyang'ane. Timadontho toyera ngati mchere pathupi ndi matenda ochizika. Koma mukaona neon wotuwa, wopindika msana, akusambira yekha kutali ndi anzake, m'thanki imeneyo musagulemo, chifukwa matenda otchedwa neon tetra disease alibe mankhwala.

Ma tetra osakwana 6 amakhala amantha, amangobisala. Akakhala 10 ndi pamene mumawaona akutembenuka pamodzi ngati alamulidwa. Anansi abwino m'thanki ya kukula kotere ndi ma corydoras (nsomba za ndevu zokonda kukhala pansi) a mtundu waung'ono, pansi pakhale mchenga kuti asavulale ndevu zawo. Angelfish ayi, ikakula imameza ma tetra, ndipo malita 60 ndi ochepa kwa iyo.

Magetsi akazima usiku wa mu Juni kapena Julaye, hita ndi sefa zonse zimaima. Fundikani thanki ndi bulangeti, musadyetse mpaka atayaka, ndipo gulani kapampu ka mpweya ka mabatire. Kushopuko kalipo, kali pashelefu ya pansi pamene simungakaone msanga.

Mukapita, funsani mayi aja. Mnyamata uja akadali pa kauntala, ndipo tsiku lokatenga nsomba zinayi zija ndinamumva akulonjeza bambo wina basela.